Ana anga akukana kuimbira limodzi, ndichite bwanji?

Gitala Yakale:
Moni nonse. Ndimaphunzitsa achinyamata gitala, kiyibodi ndi ng'oma Loweruka lililonse, ndipo chino ndi chaka chachitatu. Kumene ndimakhala kuli magulu awiri amene sakumwerana madzi chichitikire ndewu ya nthawi ya chisankho, pomwe nyumba zingapo zinatenthedwa. Ana anga 12 nawonso anagawikana. Mwezi watha ndinaganiza zokonza konsati ya mtendere, n'kupeka ndekha nyimbo ya kukhululukirana. Tsiku loyamba la pulakatisi, woimba ng'oma wanga, mnyamata wa zaka 17, anangoika timitengo pansi. Anati sangaimbe mawu amenewo akuyang'anizana ndi mng'ono wake wa munthu amene anatentha nyumba ya agogo ake. Ine kukamwa yasaa, kusowa chonena. Kodi alipo anakumanapo ndi zotere? Kapena zoti nyimbo zimayanjanitsa anthu ndi zongokometsa m'kamwa?

Mayi wa Kwaya:
Aphunzitsi, mwanayo sanalakwe. Munamupempha kuti akhululuke pagulu, pa maikolofoni, mtima usanapole. Ngakhale wamkulu sangazithe zimenezo.

Ku Kosovo kuli mzinda wa Mitrovica umene unagawidwa ndi mtsinje wa Ibar, Aserbia kumpoto, Aalubaniya kummwera. Mu 2008 bungwe la Musicians Without Borders linathandiza kuyambitsa Mitrovica Rock School kumeneko. Chimene chimandigwira mtima ndi choti poyamba anawo sankakumanirana mumzinda mwawo ayi. Ankapita nawo ku Skopje, likulu la North Macedonia, kunja kwa dziko lawo, kutali ndi maso a anansi, n'kukapanga mabandi osakanikirana kumeneko. Kwawo sukuluyo inali ndi nthambi ziwiri, tsidya lino ndi tsidya lija.

Ndiye inu pezani malo amene si a gulu lililonse. Nyimbo yanuyo ibisenikoni kaye. Afunseni okha nyimbo imene onse amaikonda kale, ingakhale yachikondi kapena yovinitsa basi. Woimba ng'omayo mumuphatikize ndi woimba gitala ya bezi wa mbali inayo. Awiriwo akapanda kumverana, nyimbo imagwa pomwepo ndipo aliyense amamva. Sayenera kukondana, angogwirizana pa kugunda.

Mdala wa Lipenga:
Ine ndikuthirani madzi ozizira pang'ono, mundikhululukire. Pa 22 April 1978 ku Kingston, Bob Marley anakweza pa siteji Michael Manley ndi Edward Seaga, atsogoleri a zipani zodana ku Jamaica, n'kuwagwiranitsa manja. Chithunzicho chimakongola mpaka lero. Koma pa chisankho cha 1980 anthu mazanamazana anaphedwa m'dziko lomwelo. Ndipo musaiwale Rwanda, komwe wailesi ya RTLM inkaulutsa nyimbo za woimba Simon Bikindi pa nthawi imene Atutsi ankaphedwa mwaunyinji mu 1994. Khoti la United Nations la ku Arusha, ku Tanzania, linamugamula zaka 15 mu 2008 chifukwa cholimbikitsa anthu kupha anzawo, makamaka pa zimene analankhula pa chimkuzamawu. Luso lomwelo limagwira ntchito mbali zonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu ndi makolo. Mwana akhoza kuseka ndi mnzake pa pulakatisi, madzulo akafika kunyumba n'kumutcha wachinyengo. Mwawayendera makolowo mmodzimmodzi? Ngati ayi, konsati isayandikire.

Mayi wa Kwaya:
Pa za makolo ndavomera, bambo. Koma konsati ya usiku umodzi si chimodzimodzi ndi ana okumana mlungu ndi mlungu. Katswiri wa nyimbo Daniel Barenboim ndi mlembi Edward Said atayambitsa gulu loimba la West-Eastern Divan Orchestra ku Weimar, ku Germany, mu 1999, la achinyamata a ku Israel, Palestine ndi maiko ena a Aluya, sanalonjeze kuthetsa nkhondo. Barenboim amanena kuti cholinga ndi kuthana ndi umbuli wosamudziwa mnzako. Gululo linakwanitsa kukaimba ku Ramallah, ku Palestine, mu 2005, patapita zaka 6.

Gitala Yakale:
Zikomo nonse awiri. Kunena zoona, nyimbo yanga ija inandiwawa kuisiya, ndinaigonera mochedwa masiku angapo. Koma ndaisiya. Loweruka lapitali tinakumana m'kalasi ina imene ndinabwereka, ndipo anabwera 7 okha. Anakangana theka la ola posankha nyimbo, koma mkangano wake sunatsate magulu aja, unali wa okonda reggae ndi okonda zovinitsa. Wa ng'oma uja sanapereke moni kwa wa bezi. Ataimba kachitatu anamukalipira kuti akuthamanga kwambiri, winayo n'kubweza kuti ndiwe ukuchedwa, kenaka anayambiranso. Agogo aja ndikukawaona Lachitatu, ndipo mtima ukundigunda kale.