Ndingagulitse kuti mabuku akale a masitampa?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ya mabuku a masitampa amene malemu bambo anga anasiya kuno ku Nkhotakota. Ndi makatalogi a Stanley Gibbons, kampani yogulitsa masitampa ya ku London, ndipo muli mndandanda wa masitampa a British Central Africa, a Nyasaland (mayina akale a dziko lino) komanso a Malawi kuyambira 1964, sitampa iliyonse ndi nambala yake ndi mtengo wake. Mitengoyo inatha ntchito kalekale, koma manambala ndi zithunzi zimathandizabe pozindikira sitampa, ngakhale masamba ena achita chikasu chifukwa cha chinyontho cha kunyanja kuno.

Kodi alipo osonkhanitsa masitampa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene amagula mabuku otere? Nanga mtengo ndiutchule bwanji, ndipo ndigulitse limodzilimodzi kapena onse pamodzi?