Thandizeni pa nkhani ya Bertha wa m'buku la Jane Eyre

Wofunsa:
Akuluakulu, makamaka inu munaphunzira Literature, ndithandizeni. Atipatsa ntchito yolemba za mkazi wamisala wobisidwa m'nyumba, uja amapezekapezeka m'mabuku oopsa a ku England a nthawi ya Mfumukazi Victoria. Ine ndasankha Bertha Mason wa m'buku la Charlotte Brontë la 1847.

Chikundivuta n'chakuti Bertha sitimumva akudzilankhulira. Timangomva kuseka kwake, kenako wayatsa bedi la mwamuna wake Rochester, waluma mlongo wake Richard, wang'amba velo ya ukwati ya Jane, mtsikana wosimba nkhaniyi amene Rochester amafuna kumukwatira. Zoti anali chidakwa, wachiwerewere, ndiponso kuti mayi ake anali amisala, zonsezo akutiuza ndi Rochester, bambo amene anamukwatira ku Jamaica ukwati wobwera ndi mapaundi 30,000, n'kumutsekera zaka 10 m'chipinda chopanda zenera ku Thornfield, nyumba yake ya ku England. Mboni yotere n'kuikhulupirira? Ndikufuna kulemba kuti misalayo inabwera ndi kutsekeredwako. Sandidula mamalikisi?

Mphunzitsi wopuma:
Mwanawe, samala pamenepo. Rochester amati madokotala anamupeza ndi misala adakali ku Jamaica, ndipo Richard satsutsa zimenezo. Ukanena kuti anali bwinobwino, akufunsa umboni, ndipo m'bukumo mulibe. Lemba zimene ungathe kuloza ndi chala: wolembayo anamumana pakamwa mayiyu, ndipo Jane akamuona amamufotokoza ngati chilombo chokwawa.

Mlongo wina:
Werengani Wide Sargasso Sea ya Jean Rhys, ya 1966. Mmenemo mayiyu ndi Antoinette, amasimba yekha za moyo wake. Koma musaitenge ngati umboni wa zimene Brontë analemba, ndi buku lina. Palinso The Madwoman in the Attic la Gilbert ndi Gubar, la 1979, iwo amati Bertha ndi mkwiyo umene Jane amaubisa. Ine maganizo amenewo sandikhutiritsa, chifukwa akumusandutsanso chithunzithunzi cha munthu wina.

Bambo wina:
Ayi ndithu, Rochester ankangofuna mitala yobisa basi!

Mphunzitsi wopuma:
Achimwene, mitala inali mlandu kumeneko, ndipo misala inadzakhala chifukwa chothetsera banja ku England mu 1937. Mwanawe, ngati ukufuna mkazi amene anatsekeredwa ali wabwinobwino, alipo weniweni: Rosina Bulwer Lytton, amene mwamuna wake anamutsekeretsa ngati wamisala mu 1858, mayiyo atayalutsa bamboyo pa msonkhano wa ndale. Anamutulutsa patangopita masabata ochepa anthu atadandaula.

Wofunsa:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye Rosina ndimuike koyambirira, kapena ndiyambe ndi Bertha?