Za mwana wanga ndi sevoflurane, nazi zomwe zachitika

Mwezi watha ndinafunsa ngati mwana wanga angagonetsedwe ndi sevoflurane, mankhwala opumira aja, popeza mchimwene wanga anatsala pang'ono kufa pa opaleshoni thupi litatentha mwadzidzidzi. Dokotala wogonetsa atangomva nkhaniyi anati mwina inali malignant hyperthermia, vuto lotengera kumtundu. Mankhwala ogonetsa opumira monga sevoflurane, isoflurane ndi halothane, komanso suxamethonium, mankhwala ofooketsa minofu, amatha kulidzutsa. Minofu imauma gwa, mtima umathamanga, ndipo carbon dioxide, mpweya woipa umene timatulutsa popuma, imakwera m'thupi kutentha kusanayambe n'komwe.

Choncho mwana wanga anamugoneka ndi propofol, mankhwala ogonetsa a mumtsempha, atachotsa mankhwala opumirawo pa makina ogonetsera n'kutsuka makinawo ndi okosijeni. Dantrolene, mankhwala othana ndi vutoli, anali pambali, koma sanafunike. Mwana anadzuka akupempha madzi, pomwe ine mawondo anali akunjenjemerabe pakhonde paja.