Kyu ya snuka ikuvulala ili m'kesi: mkatimo tikonzemo bwanji?

Wokonza makyu, Kabwata:
Akuluakulu, tithandizane nzeru. Makyu a 3/4 (a zigawo ziwiri zomangirirana pa joini ya cha kumbali yokhuthala) osungidwa m'makesi otchipa a aluminiyamu aja akumabwera ndi matenda amodzimodzi: timabala pa shafuti (chigawo chakutsogolo choonda chija), cha pa masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pa tipu (kachikopa ka kunsonga komenyera mpira), choko chitalowerera m'mizere ya mtengo wa ash, feruli (kamphete ka pansi pa tipu) itada. Kunja kesi ilibe chilema. Eniake safuna kugula ina. Mkatimo tingakonzemo bwanji?

Wosoka mipando, Kalingalinga:
Amdala, yambani mwatseka kesiyo kyu ili momwemo, muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva gobedegobede, vuto ndi lomwelo. Ngalande ya m'makesi amenewa ndi yofanana kukula kuyambira uku mpaka uko, anaipangira mbali yokhuthala, pomwe kutsogolo shafuti ndi ya mamilimita 10 okha. Ndiye mbali yoondayo imangokwapula uku ndi uku minibasi ikamadumpha m'maenje. China, kaekisitenshoni kakafupi kotalikitsira kyu kaja, ka mainchesi 6, kakakhala kosamangika, mkuwa wake ndi umene umagogoda shafuti.

Chotsani siponji yakale yonse. Yofewa ya m'mipando ija ikakalamba imanyenyeka ndipo imamata. Pezani EVA ya mamilimita 10, yomwe amapangira mapatapata ndi timphasa tochitirapo masewera. Dulani tizidutswa titatu ta masentimita 4 m'lifupi, chilichonse muchiseme ngati V molingana ndi kukula kwa shafuti pamalo pomwe chikakhale: chimodzi pafupi ndi joini, china pakati, chachitatu masentimita 10 kuchoka pa feruli. Pa chivundikiro mumate tina titatu toyang'anizana nato. Kesi izitsekeka mukangodina pang'ono ndi zala ziwiri. Ikamafuna bondo, mwakhuthalitsa, ndipo shafuti yopanikizidwa choncho miyezi ingapo imakhota. Kumapeto kwa ngalande ikaninso EVA, koma tipu isatsamire, pakhale mpata wa mamilimita 5.

Woyang'anira kalabu, Chilenje:
Pokutira EVA yo, nsalu yakale ya pa tebulo siingathandize? M'makalabu imangotayidwa tikasintha.

Wokonza matebulo, Matero:
Ayi bwana, yakaleyo ayi. Yadya choko zaka zambiri, ngakhale muikunthe bwanji sichitha. Choko cha snuka si cha kusukulu: muli silika woperedwa, ntchito yake ndi kukanda kuti tipu igwire mpira. Mukakutira nayo mwamuyalira kyu sandipepa. Tengani zotsala za nsalu yatsopano poyala tebulo, kapena felt kaya suede ya ku Kamwala.

Choko chomwecho ndiye mdani wamkulu m'kesimo. Osewera amangochiponya m'ngalande, chimasweka, fumbi n'kulowa m'mizere ya ash, poti mtengo umenewu uli ndi timabowo totseguka kusiyana ndi maple. Chizikhala m'kachitini kotseka, m'kachipinda kakekake. Ngati kesi ilibe kachipinda, tchingani ndi kathabwa ka plywood ka mamilimita 4. Ndipo kyu isalowe isanapukutidwe ndi nsalu youma kuchokera ku joini kupita ku tipu, potero thukuta silitsalira pa feruli.

Wosoka mipando, Kalingalinga:
Za guluu ndisaiwale. Wa contact, mupake mbali zonse ziwiri mopyapyala, mudikire mphindi 10 mpaka 15 mpaka asiye kumata chala, kenako muphatikize. Koma kesi ikhale yotsegula pamthunzi masiku awiri kapena atatu. Mpweya wa guluuyo umafewetsa vanishi ya pa butt (chigawo chokhuthala chogwirira), nsalu n'kudindika pamenepo osachokanso.

Wokonza makyu, Kabwata:
Zamveka. Nanga chinyezi? Ena akuti silica gel izikhalamo chaka chonse.

Wokonza matebulo, Matero:
Chaka chonse n'kuwonjeza. Kuno chinyezi ndi cha dzinja, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo. Pamenepo timapaketi tiwiri ta magalamu 10, kamodzi uku kena uko, tosakhudza mtengo, tikwanira. Kamodzi pamwezi muziumitsa, poti tikakhuta madzi timangokhala zokongoletsa. Kuyambira Juni mpaka Okutobala mpweya wauma kale, tichotseni. Choopsa nthawi imeneyo ndi buti ya galimoto. Kesi ya aluminiyamu pa dzuwa la Okutobala imatentha zedi: guluu wa tipu amalefuka, ndipo mtengo wa ebony wa pa butt ndi wa ash sizifota mofanana, ndiye polumikizira paja mumayamba kumva kamzere ndi chala. Kesi iziyenda m'kati mwa galimoto, yogona, popanda katundu pamwamba. Kunyumba isatsamire khoma lakunja kapena pawindo.

Woyang'anira kalabu, Chilenje:
Ndiwonjezere pang'ono. Amene amapaka mafuta a linseed asabweze kyu m'kesi tsiku lomwelo. Kyuyo igone maola 24, ipukutidwe mpaka nsalu isatuluke ndi mafuta. Kansanza kamafutako kasasungidwe m'kesimo, kamadetsa nsalu, komanso nsanza za linseed zikaunjikana zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka.

Wokonza makyu, Kabwata:
Pa joini, tizivindikiro take sitipezekapezeka. Labala wa paipi ya mafuta angachite?

Wosoka mipando, Kalingalinga:
Labala wakuda amadetsa mkuwa chifukwa cha salufa. Dulani masentimita 3 a kapaipi koonekera kamene amisiri omanga amayezera levulo, kakule mogwira mazinga, muveke. Kaekisitenshoni kaja kalowe m'kathumba ka nsalu, kamangidwe ndi Velcro.

Wokonza matebulo, Matero:
Timabala tomwe talipo kale, ngati mtengo wangobonyoka osaduka mitsempha, dontho la madzi pamalopo, kansalu konyowa pamwamba, nsonga ya simbi yofunda masekondi ochepa. Bwerezani kawiri katatu, mtengo umafufuma n'kubwerera. Ukauma, steel wool ya 0000 (yosalala kwambiri ija) motsata mizere. Sandipepa pa shafuti ayi, mungaiondetse mbali imodzi. Muonenso timaloko ta kesiyo, tamtundu uwu timatseguka tokha tikatha mphamvu. Lamba mmodzi wa Velcro pakati, wokhomedwa ndi rivet kunsi, mutu wa rivet mkatimo muuphimbe ndi EVA.