Rampu ya pakachipatala kathu: mamita 5 kapena 7.2?

Mlembi: Moni nonse. Mmisiri watumiza pulani ya rampu, njira yotsetsereka yokwerera njinga za olumala pakhonde la kachipatala kathu. Khonde ndi lokwera masentimita 60, rampu akuti ikhale mamita 5. Akuti 60 kugawa ndi 5 ndi 12, ndiye zagwirizana ndi muyezo wa 1:12. Chojambula chake ndi icho.

Achimwene a ku Joni: Iii, chimenechi ndi chitunda chenicheni! Agogo angakwere pamenepo? Mukaneni.

Aphunzitsi opuma: Achimwene, chojambulacho chisakuopseni. Ali ndi masikelo awiri: chokwera, kabokosi kamodzi ndi masentimita 10, chopingasa kabokosi kamodzi ndi mita yathunthu. Msinkhu waukoka kakhumi. Akatswiri a misewu amatero dala kuti tizitunda tioneke papepala. Pamene palakwika ndi pamasamupo. Wagawa masentimita ndi mamita. Mamita 5 ndi masentimita 500, ndiye 60 pa 500 ndi 12 pa 100 alionse, kapena kuti 1 pa 8 ndi kanthu. 12 wakeyo ndi wa peresenti. Muyezo wa 1:12 umati ukakwera sentimita imodzi, uyende 12 chopingasa. 60 kuchulukitsa ka 12 ndi 720. Mamita 7.2.

Msungichuma: Aphunzitsi, masamuwo tamva, koma mamita awiri owonjezerawo ndi simenti, miyala ndi mchenga. Ndalama za m'thumba lathu zinapita ndi malata. Komanso 7.2 ikukafika m'ngalande muja.

Achemwali a ku Leeds: A Msungichuma, ine ndimakankha odwala tsiku ndi tsiku. Pa 1:8 kukwera n'kutuluka thukuta, koma choopsa ndi kutsika, makamaka simenti ikanyowa. Munthu wodziyendetsa yekha sangayerekeze n'komwe. Ngati malo achepa, ipindeni pawiri, pakati pakhale pafulati popumira ndi potembenukira.

Malume a ku Ndirande: Mmisiri ameneyu anazolowera kuyeza m'mafiti ndi mainchi, musamusokoneze ndi mamita. Muuzeni kuti inchi imodzi pa futi imodzi. Futi ndi mainchi 12, basi nkhani yatha. Khondelo ndi pafupifupi mafiti awiri, mainchi 24, ndiye rampu mafiti 24.

Msungichuma: Nanga titathira dothi kumunsiko, pansi pakwere ndi masentimita 20? Otsala 40 afuna mamita 4.8 okha.

Aphunzitsi opuma: Masamu akulola. Koma dothilo lifunika kulisinja bwino, nalonso likhale lotsetsereka pang'onopang'ono, apo ayi mwangosamutsa sitepe. Madzi a padenga azipita kuti mu Januwale?

Achimwene a ku Joni: Ndiye chojambula chija chinali kunama?

Aphunzitsi opuma: Chinakokomeza, koma kukana kwanu kunali kolondola.

Wapampando: Zikomo nonse. A Mlembi, mmisiri ayezenso khondelo Loweruka ndi tepi ndi levulo, zonse alembe m'masentimita. Atipatse mitengo iwiri, wa rampu yopinda ndi wa yothira dothi. Amene simunasonkhe za mwezi uno, a Msungichuma akudikira.