Pikapu yokokera ngolo: nditenge manual kapena automatic?

Mmisiri wa Mijigo

Moni akuluakulu nonse. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo kwa masabata atatu tsopano. Ntchito yanga ndi yokonza mijigo ndi kuika matanki a madzi. Kwa zaka 11 ndayenda pa Hilux yakale ya dizilo, manual ya magiya 5. Yanditumikira, sindingainyoze, koma yatopa. Ndasonkhanitsa ndalama zoti ndigule ina yoti inayendapo kale, ndipo ndapeza ziwiri pamalo amodzi. Zonse ndi Hilux 2.8 za 2017, double cab, 4x4, makilomita ake osasiyana kwenikweni. Ina ndi manual ya magiya 6, ina automatic ya magiya 6.

Kumbuyo ndimaika mapaipi, zitsulo za mjigo ndi matumba a simenti 8 kapena 10. Kawiri pa sabata ndimakoka ngolo yokhala ndi kompulesa, ndipo zida zonse zikakweramo imafika pafupifupi matani 2. Misewu yanga theka ndi phula, theka fumbi, ndipo mvula ikagwa ndi matope okhaokha.

Chandiganiziritsa za automatic ndi bondo lamanzere. Ndili ndi zaka 54. Mwezi watha ndinaima pamzere wa magalimoto pachikweza, ngolo ili kumbuyo, pafupifupi mphindi 40. Kuponda kilatchi, kutsitsa handibuleki, kusuntha mamita atatu, kuimanso. Fungo la kilatchi yopsa linadzaza m'galimoto monse. Nditafika kunyumba ndinatsika chogwirira chitseko, bondo litatupa ngati ladzaza madzi. Chinanso n'chakuti mayi akunyumba amayendetsa automatic yokha. Tsiku lina ndikadzadwalira kutali, ndani adzabweretse galimotoyo?

Koma mantha ndili nawo. Amene anandiphunzitsa galimoto ankati automatic ndi ya m'tauni, ukaipatsa katundu imapsa. Akutinso batire ikafa sungaikankhe, ndipo giyabokosi yake ikaonongeka ukhoza kungoiwala za galimotoyo. Kodi zimenezi zikadali zoona lero? Amene munakokapo ngolo ndi automatic, ndiuzeni zomwe munaona ndi maso anu.

Makaniko wa Magiyabokosi

Achimwene, amene anakuphunzitsani sananame, kungoti ankanena za magalimoto a nthawi yawo. Automatic zakale zinali za magiya 3 kapena 4, zinkamwa mafuta ndiponso zinkatentha msanga. Zomwe mukuonazo ndi zina.

Mu manual, injini ndi giyabokosi zimalumikizana ndi mbale ya kilatchi. Ponyamuka ndi matani 2 pachikweza, mbaleyo imakhulana ndi flywheel, chimbale chachitsulo chozungulira ndi injini, mpaka galimoto igwire liwiro, ndipo fungo munalimva lija ndi mbale imene ikudyeka. Mu automatic mulibe mbale yonyamukira. Muli torque converter, momwe injini imazunguza oyilo, oyiloyo n'kuzunguza mbali ya giyabokosi. Ponyamuka, converter imachulukitsa mphamvu yokoka mwina mpaka kawiri, popanda chokhulana. N'chifukwa chake automatic imadzuka ndi ngolo mofatsa chonchija. Galimoto ikathamanga, muli kilatchi yaing'ono m'kati mwa converter imene imatseka kuti mphamvu izidutsa mwachindunji, ndipo apo ndi pomwe mafuta anasiya kuonongeka ngati kale.

Onaninso manambala a injini yanuyo. Pa 2.8 ya zaka zimenezo, Toyota inaika mphamvu yokoka ya 420 Nm pa manual ndi 450 Nm pa automatic. Atasintha injini mu 2020, automatic inakwera kufika 500 Nm, manual n'kutsala pa 420 pomwepo. Eniake opanga galimoto anapereka mphamvu zambiri ku automatic. Ngakhale Land Cruiser 79, yomwe anthu ankaidziwa ndi manual yokha, inalandira automatic mu 2023. Ku America, Ram inasiya kuika manual m'mapikapu ake akuluakulu okokera katundu pambuyo pa 2018.

Mdani wa automatic ndi kutentha. Mphamvu imene ikanadya mbale ya kilatchi ija imasanduka kutentha m'oyilo. Oyilo akapsa amasiya kuteteza timbale ta m'kati, ndipo giyabokosi imayamba kutsetsereka. Zambiri zomwe zimafika pabenchi panga zili ndi mbiri imodzi: mwini wake ankakoka katundu ndipo oyilo sanasinthidwepo chigulireni. Ndikatsegula pansi, oyilo yemwe amayenera kukhala wofiirira amatuluka wakuda bii, fungo ngati la mphika wopserera, maginito a m'sampu atavala utuchi wachitsulo. Ine makasitomala anga okoka ngolo ndimawauza kuti asinthe oyilo pa makilomita 60,000 alionse, athire mtundu womwe buku la galimotoyo lanena osati wina, ndipo aike cooler yoonjezera yoziziritsa oyilo kutsogolo kwa rediyeta. Pokoka pachikweza chachitali musamasiye pa D kuti izisakasaka magiya. Kankhirani ndodo ya giya ku S, komwe mumasankha giya ndi dzanja, muigwire pa 4 kapena 3.

Musaganizenso kuti manual ya lero ndi yotchipa kukonza ngati yanu yakale ija. Mapikapu ambiri a dizilo masiku ano ali ndi dual mass flywheel, ya magawo awiri okhala ndi masipuling'i pakati. Ikatha imasinthidwa limodzi ndi kilatchi, ndipo bilu yake imadabwitsa anthu. Funsani ngati manual mukuionayo ili nayo. Komabe chilungamo chake, kumanganso automatic yomwe yapseratu kumaposa pamenepo.

Dalaivala wa M'mapiri

Bambo makaniko afotokoza bwino, koma ine ndili mbali ina. Zaka 20 ndakhala ndikunyamula katundu m'misewu ya m'mapiri ndi D-Max ya 3.0, manual, ndipo sindinasinthe maganizo.

Kukwera si vuto. Chimene chimapha anthu ndi mtsetse. Ndikafika pamwamba ndi katundu, ndimaika giya 2 ndisanayambe kutsika, phazi n'kuchoka pa buleki, injini n'kumagwira galimoto yonse. Ndimamva m'mpando momwe ikugwirira. Giya imene ndaika ndi yomweyo, palibe kompyuta yoti indisinthire pakona. M'matope chimodzimodzi: ndikatitimira ndimaigwedeza, 2 ndi revesi, 2 ndi revesi, mpaka ituluke.

Za kilatchi yopsa zija, achimwene, muli ndi 4x4, bwanji osagwiritsa 4L, giya yotsika ya 4x4 yoyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu? Pobweza ngolo m'malo othina, kapena ponyamuka pachitunda cha fumbi, ndimalowetsa 4L, kilatchi n'kuisiyiratu, galimoto n'kumakwawa yokha ngati kamba. Kilatchi yanga yoyamba inadutsa makilomita 200,000 chifukwa cha chizolowezi chimenechi. Koma paphula pouma musatero, makamaka pokhota, chifukwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakanganirana ndipo mukhoza kuononga transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo.

Chachikulu kwa ine n'chakuti manual imachenjeza. Kilatchi ikamatha imayamba kugwirira pamwamba, injini kulira galimoto osathamanga, ndipo umakhala ndi masabata okonzekera. Makaniko aliyense wodziwa sipanala akhoza kuitsitsa n'kusintha. Automatic imafuna munthu wa makina oyezera ndi manja aukhondo. Inu mumagwira ntchito kutali ndi magalaja, muganizirepo.

Pa bondo pokha ndilibe yankho. Langa likadali bwino, ndiye sindinganene kuti pirirani.

Mayi wa Ranger

Bambo a mijigo, ine ndikuyankhani ngati munthu amene galimoto yake imagwiridwa ndi manja ambiri. Ndili ndi Ranger 3.2 automatic ya magiya 6, yoperekera zipangizo zomangira. Timayendetsa anthu atatu: ine, mwana wanga wamwamuna ndi mnyamata wantchito. Isanabwere iyi tinali ndi manual, ndipo m'zaka zitatu tinasintha kilatchi kawiri. Galimoto inalibe mlandu. Wina ankagoneka phazi pa kilatchi ulendo wonse, wina ankaimika galimoto pachitunda ndi kilatchi m'malo mwa handibuleki. Bambo a m'mapiri kilatchi yawo inakhalitsa chifukwa phazi ndi limodzi, lawo lomwe. Inu mwanena kale kuti mukufuna mayi azigwirako chiwongolero.

Pamchenga ndi m'matope ndiye ndinadabwa. Ndi manual, ukaponda kilatchi kuti usinthe giya, matayala amasiya kukoka kwa kamphindi, ndipo mumchenga kamphindi kameneko n'kokwanira kuti galimoto ikhale pansi. Automatic imasintha ikukokabe.

Koma za mtsetse bambowo akunena zoona, ndipo ine zinandionekera. Mwezi woyamba ndinatsika phiri lalitali ndi njerwa kumbuyo, giya ili pa D, phazi pa buleki njira yonse. Chapakati buleki inayamba kulowa pansi ngati ndaponda siponji. Ndinaima pambali mtima uli m'mwamba, matayala akutsogolo akufuka utsi, rimu yosakhudzika. Ndinakhala pamwala theka la ola manja akunjenjemera. Kulakwa kunali kwanga, palibe anandiuzapo kuti automatic nayo umaitsitsa giya ndi dzanja. Lero ndisanayambe kutsika ndimakankhira ndodo kumbali, n'kuika 3 kapena 2, ndipo injini imagwira ndithu. Mwina siluma ngati manual, koma imakwanira. Mukagula, mayiwo muwaphunzitse chimenechi tsiku loyamba, inunso muzolowere.

Ndafunsa pang'ono: ngolo yanuyo ili ndi mabuleki akeake? Yopanda mabuleki, mapikapu awa amaloledwa kukoka makilogalamu 750 okha. Matani 2 opanda buleki adzakukankhani pamtsetse, kaya muli pa manual kaya pa automatic.

Makaniko wa Magiyabokosi

Ndabweranso, ndinaiwala funso la batire. N'zoona, automatic siilira poikankha, chifukwa pampu ya oyilo wa m'giyabokosi imazunguzidwa ndi injini. Injini ikazima, palibe cholumikiza matayala ndi injini. Koma manual ya 2017 nayonso musaidalire kwambiri. Injini ya dizilo yamakono ya common rail imafuna magetsi kuti kompyuta ndi ma injector opopera dizilo zigwire ntchito. Batire ikangofooka mukhoza kuikankha n'kulira, koma ikaferatu mudzangotopetsa anthu. Gulani zingwe zojampira ndi kabatire konyamula m'manja kolizira galimoto, muzisunga pansi pa mpando.

Chomwe muyenera kusamala zedi ndi kukokedwa. Automatic ikafera panjira musalole kuti aikoke ndi chingwe mtunda wautali matayala akumbuyo akugudubuzika pansi. Pampu ija ikhala itaima, zitsulo za m'kati zizizungulira zouma. Muikweze palole, apo ayi mumasule kaye propshaft, chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku matayala akumbuyo. Mabawuti ake ndi ochepa, munthu wokonza mijigo sangakuvuteni.

Musanapereke ndalama, iyeseni m'mawa injini isanatenthe. Ikani D, kenako R. Izilowa msanga, mosagunda. Mukaponda moto pachikweza injini isamakuwe pakati pa magiya. Ndipo pemphani kuti makaniko wanu atulutseko oyilo pang'ono m'kabotolo koyera, muone mtundu ndi kununkhiza. Wogulitsa akakana, siyani galimotoyo.

Mmisiri wa Mijigo

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Mayi, ngolo ili ndi mabuleki, aja ogwira okha ikamakankha galimoto, koma kunena zoona chingwe cha mbali imodzi chinaduka kalekale ndipo ndakhala ndikuzengereza. Ndachisintha dzulo nditawerenga za njerwa zanu zija.

Lero m'mawa ndinapita ndi ngolo yomweyo, kompulesa ili momwemo, ndipo wogulitsa anandilola kuyesa zonse ziwiri pachikweza chimodzi. Manual ndi yabwino, kilatchi yake ndi yofewa kuposa yanga yakale, ndipo dzanja linkangopita lokha pa giya. Bambo a m'mapiri, ndinakukumbukirani pobwerera chotsika pa giya 2, imagwiradi. Koma nditaima ndi kunyamuka kasanu pakati pa chitunda, bondo linayamba kulasa pomwe paja. Pa automatic ndinachita chimodzimodzi kasanu. Kuchotsa phazi pa buleki, kuponda moto pang'ono, ngolo n'kutsatira popanda kubwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Phazi lamanzere linkafunafuna kilatchi pansi, kenako linangokhala. Potsika ndinaika S ndi giya 2 monga mwanenera, ndipo buleki ndinangoigusa kawiri pakona.

Mtima wapita ku automatic. Chatsala ndi oyilo. M'buku la galimotoyo mwalembedwa za oyilo wa injini yekha, za giyabokosi mulibe chilichonse, ndipo yayenda makilomita 142,000. Kumbuyo kuli chokolekera ngolo chomwe mpira wake ndi wodyeka, kusonyeza kuti inakokapo ndithu. Wogulitsa wavomera kuti Lachisanu tikaikweze, titulutseko oyilo m'kabotolo. Bambo makaniko, ndikajambula kabotoloko padzuwa kuti muone mtundu wake. Akakhala woderako koma wosanunkha kupsa, ndigule n'kusintha oyilo nthawi yomweyo, kapena ndiisiye ndifunefune ina?