Ndithandizeni nzeru, andibera WhatsApp

Anzanga a pasukulu pano, ndili pamavuto. Dzulo usiku ndinalandira uthenga kuchokera pa nambala ya mnzanga wa m'kalasi, akuti manambala 6 amene angolowa m'foni mwanga ndi ake, ndimutumizire. Mutu unali pa asayimenti, ndinangotumiza mopupuluma. Posakhalitsa WhatsApp yanga inanditulutsa. Kani nayenso anali atamubera kale.

Wakubayo wakhala akupempha ndalama abale anga, akuti ndagonekedwa m'chipatala, ndipo mayi anatsala pang'ono kutumiza. Lero ndalembetsanso nambala yanga, koma a WhatsApp akufuna PIN yomwe sindinaikepo, akuti ndidikire masiku 7. Kodi pamasiku amenewa wakubayo akadali mkati? Chikundipweteka kwambiri n'chakuti gulu la kalasi ndimayang'anira ndine. Anzathuwo ndiwachenjeze bwanji msanga?